Ubatizo wa Pangozi wa Abambo Anga

Abambo anga anabatizidwa ali chikomokere, m'nyumba ya amayi anga, ndipo madzi ake ndinakatunga ndine. Ndinali kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Anandipatsa kapu yachitsulo nati thamanga ku mjigo, usataye. Ndinathamangadi, dzanja limodzi litavindikira kapu, ndikuganiza kuti abambo atsitsimuka ndipo akufuna kumwa.

Abambo anali a mitala. Amayi aakulu, mkazi wawo woyamba, ankakhala kwawo m'munsi mwa phiri cha ku Mua. Amayi anga, aang'ono, ankakhala kwathu cha ku Golomoti, kufupi ndi minda ya mpunga. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, choncho moyo wa abambo unali wa panjinga: sabata kuno, sabata uko, mtolo wa bango pakaliyala, poti ntchito yawo inali yosoka mphasa. Sabata yathu ikafika ndinkaimva njinga isanaoneke, chifukwa tcheni chake chinkalira ngati nkhanga. Anthu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine sindinawaonepo abambo akuvumbwa. Ankaoneka munthu wokhuta.

Anadwala m'dzinja, pa sabata yathu. Anali malungo aja okwera kumutu. Mtsinje unali utadzaza, ngolo sikanatha kuoloka, ndipo posakhalitsa anasiya kulankhula. Uthenga utafika kwa amayi aakulu anabwera wapansi, motsata njanji, pamodzi ndi mlongo wawo amene anali katekisiti wa katchalitchi ka m'mudzi mwawo. Amayi aakulu anali Mkatolika weniweni, wa kolona m'khosi. Abambo sankapemphera kulikonse, amayi anganso chimodzimodzi.

Munthu akakhala pafupi kufa, mkhristu aliyense angathe kumubatiza pompo. Umenewo ndiwo ubatizo wa pangozi. Koma wa mitala amayamba wafunsidwa ngati akulonjeza kutsala ndi mkazi mmodzi, woyambayo. Ine nditapereka kapu ija anatitulutsa ana tonse, tikakhale pansi pa mtengo wa bwemba. Patapita kanthawi akatekisiti anatuluka akupukuta manja pa buluku, n'kuuza anthu amene anali panja kuti, "Avomera. Agwedeza mutu." Palibe amene anadandaula nazo. Amuna anali atayamba kale kunong'onezana za matabwa a bokosi.

Koma abambo sanafe. Madzi ataphwera anawakweza pangolo kupita nawo kuchipatala, ndipo kumeneko anatsegula maso n'kupempha phala. Atapeza mphamvu anauzidwa kuti tsopano ndinu mkhristu, dzina lanu latsopano ndi ili, ndipo munalonjeza zakutizakuti. Abambo anali munthu wosunga mawu mpaka kunyansa nako. Anabwera kwathu kamodzi kokha, kudzatenga zovala ndi zida zawo. Amayi anawaphikira, anawamangira katundu ndi manja awo, n'kuwagwirira njinga pamene ankamanga mtolo. Sanalire ngakhale pang'ono. Ine ndinalira mpaka kusanza, ndipo amayi ndinawada tsiku limenelo. Ndinkati munthu wanji wopereka mwamuna ngati akubweza khasu lobwereka.

Ndinakula ndi mkwiyo umenewo. Kusukulu anzanga ankandiseka kuti bambo ako anapita kumwamba ali moyo, ndipo wina ndinamugulula dzino chifukwa cha mawu amenewo. Chaka chilichonse abambo ankatumiza mphasa yatsopano kudzera kwa anthu. Ine ndinkakana kugonapo, bola chiguduli. Amayi sanakwatiwenso. Sanalowenso mpingo uliwonse, ngakhale tsopano panalibe chowaletsa. A mipingo yonse anafikapo pakhomo pathu, a malaya oyera, a ng'oma, a zinkuzamawu, koma amayi ankangowayalira mphasa n'kunena kuti, "Pitani, mukatipempherereko." Lamulungu m'mawa, anthu akamapita kotamanda, iwo ankatenga khasu kupita kumunda wa mpunga ku Bwanje. Ndinkawaona patali, kamunthu kamodzi m'dambo lonselo.

Zaka zinapita. Ndinakwatiwa, banja linatha, ndinakhazikika pa Mtakataka n'kumagulitsa tomato ndi usipa m'mbali mwa msewu. Amayi aakulu anamwalira, mlongo wawo katekisiti uja anali atatsogola kale. Ana a kunyumba yaikulu anali atabalalika, ena ku Lilongwe, ena ku Joni. Akuchikazi sanawathamangitse abambo, ayi, ndisawanamizire. Koma mkamwini mkazi wake akafa amasanduka mlendo amene wachedwa kutsanzika. Nyumba ya malata anaitenga adzukulu, iwo anawapatsa kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi khola la mbuzi.

Tsiku lina mkulu wanga wa kunyumba yaikuluyo anandiimbira foni kuchokera ku Lilongwe. Akuti iwe ndiye uli pafupi, uzikawaonako abambo. Ine ndinatsonya mpaka wogula tomato anatembenuka. Lero ndiye ndakhala mwana wawo? Ndinadula foni. Koma Loweruka lake ndinapezeka ndili m'minibasi ndi kajumbo ka ufa, ndikudzitukwana ndekha njira yonse.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, mphasa yosatha ili pamiyendo, zala zikukanika kukoka chingwe. Anali atatha, abale. Malaya ankangolendewera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Wafanana ndi amayi ako." Ndinayankha kuti nanga ndikanafanana ndi ndani, poti ndi okhawo amene ndinkawaona. Anaweramira mphasa yawo. Ndinasesa m'nyumba, ndinachapa, ndinaphika, zonsezo ndikumenyetsa ziwiya.

Kuyambira pamenepo ndinkapita Loweruka lililonse, n'kugona konko, m'mawa n'kuwaperekeza kutchalitchi. Ine ndimapemphera kwina, koma Misa ndimaidziwa. Abambo ankafika anthu asanabwere, n'kusesa pabwalo ndi tsache lawolawo. Nyimbo zonse ankazidziwa. Kumphakati, kagulu ka akhristu a m'mudzi, sankajomba. Koma nthawi yolandira Ukaristia ikakwana, anthu n'kuyamba kundanda, iwo ankangopinda miyendo kuti ena adutse, maso ali pansi. Benchi yonse inkatsala ndi anthu awiri, iwo ndi ine. Ulendo woyamba ndinati mwina sanalape. Wachiwiri chimodzimodzi. Mayi wina wa mumphakati mwawo anandiuza kuti papita zaka zambiri asakulandira, ndipo palibe amene anawaletsa.

Ine sindisunga mawu m'mimba. Tikubwerera, pa mlambe wina pamene ankakonda kupumira, ndinawafunsa.

"Abambo, munatitaya ife kuti muzilandira. Nanga bwanji simulandira? Tinavutikira chiyani ife?"

Anakhala pamuzu, ndodo pakati pa miyendo. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinali nditakonzeka kubweza. Koma analankhula motsitsa.

"Mwana wanga, ine tsiku lija sindilikumbukira. Ndimakumbukira denga la amayi ako likuzungulira, kenako chipatala. Pakatipo palibe kanthu. Anandiuza kuti ndinavomera, ine ndinakhulupirira. Zaka zoyamba ndinkalandira bwinobwino. Koma ukamakalamba tulo timachepa, mafunso amachuluka. Ngati sindinavomere, ndiye kuti ndine wakunja wovala dzina la eni ake, ndipo ndikalandira ndikuba. Ngati ndinavomera, ndiye kuti ndinavomera kutaya iwe. Tsono Mulungu angamulandire munthu amene analowa pakhomo pake popondera mwana? Uku ndapsa, uku ndapsa."

Ndinati bwanji osafunsa ansembe.

"Ndinafunsa, osati mmodzi. Onse anandiyankha bwino, anthu achifundo. Amati madala musade nkhawa, ubatizo wanu ndi weniweni, Mulungu sanyenga munthu. Ndimachokako mtima uli m'malo. Ndikafika pano pamlambe funso labwerera. Ansembewo m'nyumba muja tsiku lija munalibe."

Kenako ananena chimene ndikuganiza kuti anakhala akuchisunga kuyambira tsiku limene ndinafika.

"M'nyumba muja, kupatula ine, munali anthu atatu. Awiri anapita. Ukandifunsireko kwa amayi ako ngati ndinagwedezadi mutu. Ndikufuna ndidziwe ndisanafe kuti ndine wa ndani."

Ndinapsa mtima. Ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, pitani nokha, njira mukuidziwa, munkaiyenda sabata ndi sabata. Ndinawonjeza kuti ndiponso amayi aakulu kulibe, chikukuletsani n'chiyani kubwerera? Anapukusa mutu.

"Sungasiye mkazi ali ndi mwana m'manja, n'kudzamubwerera uli pandodo kuti akuphikire phala. Nkhope imeneyo ndilibe."

Ndinazengereza miyezi. Kwa amayi ndinkapitako, koma pakhomo paja dzina la abambo silinkatchulidwa, ndipo sindinkadziwa poyambira. Abambo sanandikumbutse ndi pakamwa. Ndikafika Loweruka ankangondiyang'ana m'maso, ine n'kuyamba kukamba za mtengo wa tomato. Kenako miyendo yawo inayamba kutupa, nsapato zinasiya kulowa, ndipo ndinachita mantha kuti afa ndi funso lawo ine ndili chigwirire.

Inali nthawi yokolola mpunga. Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupeta, mankhusu ali m'tsitsi monse. Ndinakhala pamtondo wogoneka. Sindinazungulire.

"Amayi, abambo andituma. Akuti tsiku lija anabatizidwa, anagwedezadi mutu?"

Lichero linaima. Anandiyang'ana, anayang'ana nkhuku zimene zinkatola mpunga, n'kukhala pansi pomwepo, miyendo tambalale.

"Akudwala?"

"Miyendo yatupa."

Kenako anati:

"Mutu wa abambo ako unali pamiyendo panga. Dzanja langa linali kunsi kwa nkhongo, chonchi. Akatekisiti anafunsa, zii. Anafunsanso mokweza, pakhutu penipeni, zii. Munthu anali atapita kale, kunangotsala kupuma. Mayi ako aakulu anayamba kulira kuti mwamuna wanga aikidwa wopanda nyimbo, akapsa kumoto. Onse awiri ankayang'ana ine, ngati ndine chitsa chimene chatseka njira. Ndiye ndinati mumtima, munthuyu safika mawa. Ndimumane kumwamba chifukwa cha ukwati umene watsala ndi maola? Atafunsanso ndinakankha ndi zala. Mutu unagwedezeka."

Ndinadzuka pamtondo paja.

"Munagwedeza ndinu?"

"Ndine."

"Nanga atachira bwanji simunanene? Amayi! Munawamangira katundu inu! Ine ndikulira mpaka kusanza, inu mukudziwa!"

Ndinakuwa, ndisaname. Anthu a nyumba yoyandikana anasuzumira. Ndinanena zambiri, za dzino la mwana uja, za chiguduli, za ukwati wanga umene unalibe bambo woti n'kuloza. Amayi anandisiya ndithe.

"Ndikananena kuti chiyani?" anatero. "Aliyense akanati nsanje, mkazi wamng'ono akufuna mwamuna. Ndiponso ndinali nditamupereka m'manja mwa Mulungu. Ndikamulandenso? Ndinaopa. Ndinati Mulungu wamuchiritsa dala kuti aone ngati ndinkanena zoona. Ndiye ndinangoti basi, madzi akatayika saoleka."

"N'chifukwa chake simupemphera?"

"Wakuba sapita kukacheza kunyumba imene anabako. Ine ndinanamiza Mulungu maso ndi maso, dzina lake likutchulidwa. Ndikalowe m'tchalitchi ndikaimbe chiyani? Za ine ndinazidziwa kale, kumwamba kulibe malo anga. Bola iwowo akalowe."

Anatola lichero, koma sanayambe kupeta. Analankhula akuyang'ana mpunga.

"Chimodzi chokha ndicho chandisunga zaka zonsezi. Anthu amati ndinasiyidwa. Ine ndimadziwa kuti abambo ako sanandisiye. Pakamwa pawo sipanatuluke mawu, mutu wawo sunavomere. Ndinadzichotsa ndekha. Ndikagona ndimadziuza zimenezo."

Ndinafunsa ngati ndikawauze. Anati, "Anakutuma. Kapereke yankho."

Masiku otsatira ndinagulitsa tomato ngati munthu wogona. Ndinaganiza zokanama. Ndikanangoti munagwedeza nokha, amayi atsimikiza, nkhani n'kutha. Ndinalikonza bodzalo bwinobwino m'minibasi. Koma nditafika, abambo anandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Wafunsa." Ndipo bodza lonse linauluka. Ndinakhala pansi n'kufotokoza monga ndinamvera, osachotsa kanthu, kupatula mawu omaliza aja a chimene chinkawasunga amayi. Amenewo ndinaona ngati ndi a amayi okha.

Ndinkaopa kuti akomoka, kapena atukwana. Anangokhala, manja ali pamaondo. Mbuzi zinkalira m'khola muja, mwana wozitsekulira atachedwa. Atatsegula pakamwa sanafunse za iwo eni.

"Ndiye zaka zonsezi sapemphera?"

"Sapemphera. Akuti ananamiza Mulungu."

"Chifukwa cha ine."

Misozi inatsika m'makwinya mwawo, osaipukuta. Aka kanali koyamba kuwaona abambo akulira, ndipo mkwiyo umene ndinausenza kuyambira ubwana sindinaupeze pamene ndinkausiya. Kenako anadzikoka n'kukhala mowongoka, navula chipewa.

"Ndifunse iweyo."

"Ndikufunseni chiyani?"

"Zimene anafunsa alamu anga tsiku lija."

Ndinati ine si katekisiti, ndine wogulitsa usipa. Anati funsa basi. Ndiye ndinafunsa, ndikudziona wopusa. Ndinati, abambo, mukufuna kukhala mkhristu? Mukuvomera zonse zimene zinanenedwa tsiku lija? Anandiyang'ana ndi maso ali gwa, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, pansi, m'mwamba, popanda dzanja la munthu.

"Waona ndi maso ako," anatero. "Ukawauze amayi ako kuti mutu uja ndaugwedeza ndekha. Iwo sananame, anangofulumira. Mlandu alibe. Apite kutchalitchi."

M'mawa mwake tinapita ku Misa pa njinga ya kabaza, poti kuyenda kunali kutavuta. Anakalankhula ndi ansembe kaye kuseri, nthawi yaitali ndithu. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Koma nthawi yolandira itakwana anandigwira phewa nati ndidzutse. Tinalowa pamzere, iwo osavala nsapato, mapazi otupa akukhwekhwereza pasimenti. Amayi a mumphakati anayamba kugwirana zigongono, wina mpaka analuluta pang'ono n'kudzigwira pakamwa. Pobwerera pabenchi abambo anagwada, ngakhale maondo ankakana. Ine ndinalira ngati mwana, ndipo sindinasamale kuti ndani akuona.

Sindinadikire n'komwe. Nditawasiya kunyumba ndinakwera minibasi ya ku Golomoti tsiku lomwelo, mtima ukuvina. Ndinkati lero ndamasula anthu awiri, ine ndemwe, mwana wa chiguduli. Ndinagula ndi shuga panjira. Ndinkawaona kale amayi atavala chitenje chatsopano, akulowa m'tchalitchi koyamba.

Ndinawapeza akuola mpunga umene anayanika pabwalo. Ndinayamba kulankhula ndisanakhale n'komwe pansi. Ndinafotokoza za chipewa, za funso langa, za mutu, za mzere wa kutchalitchi. Ndinati abambo akuti mlandu mulibe, simunaname, munangofulumira. Avomera okha, amayi, ndaona ndi maso angawa.

Amayi anaima ndi chitini cha mpunga m'manja.

"Unawafunsa kuti chiyani?"

"Ngati akuvomera zonse za tsiku lija."

"Zonse?"

"Zonse."

"Ndi zija za kutsala ndi mkazi mmodzi?"

Njira yonse ija, ndi shuga wanga m'manja, sindinaliganizire n'kamodzi komwe. Ndinafuna kunena kuti sizimene ankatanthauza, kuti ankafuna kukumasulani, kuti analira chifukwa cha inu. Zonsezo zinali zoona, ndipo ndinazinena, mothamanga, mobwerezabwereza. Amayi ankangomvetsera.

"Ndamva," anatero. "Achita bwino. Akalowe."

Anakhuthulira mpunga uja m'thumba, nagwedeza thumbalo kuti utsike.

"Ndiye kuti lero andisiyadi."

Anawerama n'kupitiriza kuola. Ndinaika shuga pakhonde, ndinagwira kukamwa kwa thumba, iwo akuthira, mpaka pabwalo panayera.